Makolo a mu Mzuzu, lekani kusiyira ana anu magemu kuti awalere

Makolo a ku Chibavi, Zolozolo, Mchengautuba, Luwinga, Katoto ndi madera onse a mzinda uno, tamverani. Pali mchitidwe umene wazika mizu m'makomo mwathu, ndipo tikapanda kuudzudzula tidzalira ndife tomwe. Mwana akangoyamba kuvuta, mayi amupatsa foni kuti akhale chete. Bambo akafuna kumvera mpira mwamtendere, nawonso amupatsa foni. Mwana wa zaka 3 akudziwa kale potsegulira gemu koma moni kwa agogo ake sadziwa, ife n'kumaseka, ati mwanayu ndi wanzeru. Kumeneko si kulera ayi, ndi kuthawa udindo.

Tisanamizane kuti gemu iliyonse ndi yoipa. Mwana wosewera mpira wa pa sikirini ndi mnzake kwa theka la ola Loweruka, homuweki atalemba, mbale atatsuka, palibe chimene walakwa. Chimene tikudzudzula ndi kulekerera: kholo losadziwa gemu imene mwana akusewera, amene akusewera naye, maola amene akutha, ngakhalenso kumene akutenga ndalama zake.

Dziwani kaye kuti magemu ambiri aulere a pa foni, monga Free Fire ndi PUBG Mobile, anapangidwa mwadala kuti munthu asawasiye msanga. Amapereka mphoto kwa amene watsegula tsiku lililonse. Amaika osewera pa mndandanda wa akatswiri, ndipo wogonja amatsika, anzake n'kumamuseka. Mphoto zina zimabwera mwamwayi, sudziwa ngati m'bokosi lotsatira muli chinthu chabwino, ndiye umangoti ndiyesenso kamodzi. Akuluakulu omwe amakodwa nazo zimenezi, nanga mwana? Mbali ya ubongo yothandiza munthu kudziletsa, imene ili kuseri kwa chipumi, imakhwima mochedwa, munthu atapitirira kale zaka 20. Mukamayembekezera kuti mwana wa Sitandade 5 azidziikira yekha malire, mukumusenzetsa katundu woti si wa msinkhu wake.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti kukomedwa ndi magemu mopyola muyeso kukhale pa mndandanda wa matenda, ndipo mndandandawo unayamba kugwira ntchito mu 2022. Zizindikiro zake ndi zitatu: munthu akulephera kudziletsa pa nthawi yoyamba ndi yosiyira, gemu yakhala patsogolo pa sukulu, chakudya ndi anzake, ndipo akupitirizabe ngakhale akuona kuti zinthu zikumuwonongekera. Kawirikawiri madokotala amayang'ana ngati zimenezi zatha miyezi 12. Ofika pamenepo ndi ochepa mwa osewera onse. Koma musatayirire, mwana amayamba kuwonongeka asanafike pa matendawo.

Choyamba kuwonongeka ndi tulo. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10. Tsono werengani nokha. Ngati mwana amadzuka 5 koloko m'mawa kuti asambe, amwe tiyi, ayende ulendo wa kusukulu, wa ku pulayimale ayenera kukhala atagona pofika 8 koloko usiku. Kuno kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi kumatilowetsa m'nyumba msanga, ndipo inu mukaona mwana wafunda bulangete mpaka kumutu mumati wagona. Kavundukuleni muone. Kuwala kwa sikirini kumachedwetsa thupi kutulutsa timadzi tobweretsa tulo, pamene gemu yothamangitsana ndi kuomberana imasiya mtima ukugunda ndi maganizo ali m'mwamba, moti ngakhale foni itazima, tulo sitibwera pompo. Mawa lake m'kalasi mwana akuwodzera, mphunzitsi akufotokoza masamu iye sakumva. Komanso ubongo umasunga zimene munthu waphunzira masana pamene iye ali m'tulo, ndiye wogona maola 5 amataya ndi zochepa zomwe anamvazo. Mayeso a PSLCE kapena JCE akatuluka moipa, mudzayamba kuloza aphunzitsi chala, ena mpaka kuganizira anansi kuti alodza mwana, chikhalirecho foniyo munapereka ndinu. Onjezani apa ngozi ya foni yosiyidwa pa chaja pansi pa pilo: imatentha chifukwa mpweya sukudutsa, ndipo batire lotupa kapena chaja yachinyengo ikhoza kuyatsa moto pa matiresi.

Maso nawo amavutika. Munthu akayang'anitsitsa sikirini amaphethira mochepa, maso amauma, amafiira, mutu n'kumawawa. Muphunzitseni mwana kuti pakatha mphindi 20 zilizonse aziyang'ana chinthu cha patali, mamita 6 kapena kupitirira, kwa masekondi 20. Foni isamakhale pamphuno, italikirane ndi maso ngati kutalika kwa rula ya masentimita 30 kapena kuposa. Ana okhalitsa m'nyumba akuyang'ana zapafupi ndi amene amayamba msanga vuto losaona patali, ndipo mankhwala ake otchipa ndi kusewera panja masana. Pa mahedifoni, mawu asapitirire 60 pa 100 ya mphamvu yake. Ngati inu muli chapatali mukumva kulira kwa mfuti kuchokera m'makutu mwa mwana, dziwani kuti makutuwo akuwonongeka, ndipo kumva kukapita chifukwa cha phokoso sikubwerera. Mwana amene ali ndi khunyu, funsani kaye achipatala, chifukwa kuthwanimathwanima kwa magemu ena kumagwetsa ena mwa iwo.

Kwa makanda nkhani yake ndi yachidule. Malangizo a WHO a 2019 amati mwana wosafika zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Kulankhula mwana amaphunzira kwa anthu omuyankha. Wa zaka 5 mpaka 17 amafunika mphindi 60 patsiku zothamanga mpaka kutuluka thukuta. Phada, fulaye, chipako ndi mpira wachikulunga zimagwira ntchito imeneyi popanda bandulo.

Tibwere pa ndalama. Gemu imene mukuti ndi yaulere imagulitsa zovala za asilikali ake, mfuti zokongola ndi mabokosi amwayi, ndiponso imadya bandulo tsiku ndi tsiku. Inu amayi amene mumatuma mwana kuti akutumizireni ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba mukumutchulira nambala yachinsinsi mokweza, mukuganiza kuti waiwala? Sinthani nambalayo lero. Chenje cha ku chigayo chikamabwera chopereweza, kapena ndalama za mu okala zikamasowa pang'onopang'ono, musathamangire kuchotsa wantchito musanafufuze bwino. Choopsa kwambiri ndi chakuti bokosi lamwayi limazoloweretsa mwana mtima wa juga: kulipira osadziwa chimene upeze. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti mabokosi olipira oterewa ndi juga. Mwana wozolowera zimenezi sachedwa kusamukira ku juga ya pa foni ya Aviator ndi kubetcha mpira, pomwe malamulo a dziko lino saloleza munthu wosakwana zaka 18 kutchova juga. Amalume amene mumabwereketsa akaunti yanu yobetchera kwa mwana wa mlongo wanu, manyazi akugwireni.

Nanunso eni malo osewetsa PlayStation m'misika ndi m'makwalala, bizinesi yanu sitikuikana, koma mwana wovala yunifolomu 9 koloko m'mawa mukumulandira bwanji? Mukudziwa bwino kuti wathawa kusukulu, ndipo ndalama akukupatsaniyo mwina ndi yogulira kope. Magemu ali ndi zaka zake zolembedwa pa chikuto: 3, 7, 12, 16 ndi 18. Grand Theft Auto V ndi ya anthu a zaka 18, muli kuphana, kutukwana ndi zauhule. Mortal Kombat ya masiku ano nayonso ndi ya 18. Inu mukuikira ana a zaka 9, m'kachipinda kamdima kopanda mpweya, akuluakulu akusuta pambali. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Abwezeni ana nthawi ya sukulu, ndipo kukada aziweruka.

Palinso anthu achilendo. M'magemu a pa intaneti mwana amalankhulana ndi aliyense, ndipo munthu wamkulu akhoza kunamizira kuti ndi mwana mnzake. Amayamba ndi kumugulira mphatso za mu gemu, kenako apempha nambala ya WhatsApp, kenako zithunzi, ndipo akazilandira amayamba kuopseza. Muuzeni mwana momveka kuti dzina la sukulu, dera limene akukhala, nambala ya foni ndi zithunzi sizipatsidwa kwa munthu wa mu gemu. Muuzenso kuti akakuuzani zoterezi simumumenya, chifukwa mwana woopa chikwapu amabisa mpaka zinthu zitafika poipa.

Tsono chitani izi. Pa foni ya Android lowani mu Settings, mupeze Digital Wellbeing. Muona maola amene gemu iliyonse yadya lero ndi masiku apitawa, ndipo mukhoza kuiikira malire a nthawi. Mu Play Store dinani chithunzi chanu pamwamba, mulowe mu Settings, kenako Family, kenako Parental controls, muike nambala yachinsinsi ndi kusankha zaka. Koma dziwani kuti ana amapatsirana magemu kudzera pa Xender ndi memore kadi, ndipo zimenezo sizidutsa ku Play Store, choncho muzitsegula foniyo nokha sabata iliyonse. Ngati mwana ali ndi foni yakeyake, pulogalamu ya Family Link imakulolani kuitseka usiku kuchokera pa foni yanu. Pa iPhone ntchito imeneyi ndi ya Screen Time.

Pakhomo pakhale lamulo lodziwika: masiku a sukulu gemu ibwere homuweki ndi ntchito zikatha, isapitirire ola limodzi, ndipo izime kutatsala ola kuti mwana akagone. Mafoni onse azigona kuchipinda kwa makolo. Posiyitsa, musamangotsomphola foni m'manja. Gemu ya pa intaneti siimitsidwa pakati, wotuluka amaluza ndipo anzake amamunyoza, n'chifukwa chake mwana amalusa. Muchenjezeni kutatsala mphindi 10 kuti imene akusewerayo ndi yomaliza. Masiku oyamba adzalira ndi kunyanyala, inu musagonje, ndipo bambo ndi mayi mulankhule chimodzi, osati wina aletsa wina apereka mobisa.

Ngati mwana wayamba kujomba kusukulu, kuba, kukana kudya ndi kusamba, kumenya abale ake akalandidwa foni, kapena kulankhula zofuna kudzipha, musadikire kuti miyezi 12 ikwane. Pitani naye ku St John of God konkuno ku Mzuzu, kumene kuli akatswiri a zaumoyo wa m'maganizo, kapena ku chipatala chachikulu cha Mzuzu. Popita mulembe maola amene amasewera, nthawi imene amagona ndi mmene magiredi ake asinthira, kuti achipatala apeze poyambira. Ngati wina akumuopseza kapena kumupempha zithunzi, musafufute mauthengawo, ndi umboni. Imbani pa 116, nambala yaulere yothandiza ana, ndipo kanenenso kupolisi.