Musanagule njinga zamagetsi zopereka kwa aulumali, tamvani kaye

Dzulo wina anandilembera kuti gulu lawo likufuna kugula njinga zamagetsi zisanu, zikuku zoyendera mabatire, zodzapereka kwa anthu aulumali kuno ku Mulanje. Akuti ndiwauze maganizo anga poti ine ndimayendera yoteroyo. Ndawayankha kumbali, koma ndati ndilembenso pano kuti ena amve nawo.

Njinga imeneyi inandichotsa pakhonde, zimenezo sindingakane. Kale ndili ndi chikuku chopalasa ndi manja, kuti ndifike pa Chitakale pomwe ndili ndi kabenchi kanga ka Airtel Money ndi Mpamba, ndinkadikira mphwanga kuti andikankhe asanapite kusukulu. Akachedwa iye, ndachedwa ine. Zitunda za kuno mukuzidziwa. Pano ndikafuna nanazi kumsika ndimangonyamuka, osapempha munthu.

Koma abale anga, opereka ambiri amayesa kuti akajambulitsa chithunzi ndiye kuti ntchito yatha. Gulu limene linandipatsa ine, Mulungu awadalitse, nambala yawo inasiya kulowa chaka chisanathe.

Pansi pa mpandowu pali mabatire awiri a 12V, olumikizana kuti atulutse 24V. Si a galimoto ayi. Batire la galimoto ntchito yake ndi kuliza injini kamodzi, basi. A njingazi ndi a gel kapena AGM, otsekedwa, opangidwa kuti azitha moto pang'onopang'ono tsiku lonse n'kutchajidwanso usiku. Ine izi ndinazidziwa nditapsa kale. Anga oyamba atafooka patatha chaka ndi theka, mnzanga anandinyengerera kuti tiike a galimoto yaing'ono, otchipa. Sanathe miyezi itatu, ndipo asidi wake anatayikira n'kudya mawaya. Chinanso, amasinthidwa onse awiri pamodzi. Mukasintha limodzi, lakale lija limakoka latsopano mpaka nalo lifooke. Kuwapeza kwake ndi ku Limbe kapena ku Blantyre, nthawi zina kuchita kuitanitsa ku Johannesburg, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ukamva mtengo umangoti kukamwa yasa.

Ndiye pali magetsi. Kuti idzadze bwino imafuna maola 8 kapena kuposa. Mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira, ndinkagona khutu lili ku firiji ya aneba. Ikangoyamba kung'ung'uza, kaya ndi pakati pa usiku, ndadzutsa mwana kuti alumikize chaja. Batire la mtundu uwu ukalisiya lopanda moto masiku angapo limayamba kuwonongeka. Musandiuze za kasola kanu koyatsira mababu awiri ndi kutchaja foni, sikangakwanitse.

Mvula ya pansi pa phiri ndiye mdani wina. Kandodo kowongolera kaja, joyisitiki, sikagwirizana ndi madzi ngakhale pang'ono. Chiperoni chikayamba mu June, kamvula kaja kosaoneka koma konyowetsa, ndimakaveka jumbo n'kumanga ndi labala. Matope ofiira a m'mphepete mwa minda ya tiyi amamatirira pansi, ndipo tsitsi la mesh lotayidwa pa saluni limakulungana m'timatayala takutsogolo mpaka tiume. Loweruka lililonse mphwanga amagona chafufumimba ndi lezala ndi kansalu, kuchotsa zimenezi. Paipi ya madzi ayi, chinyezi chikalowa m'mota mwalira.

Tsiku lina inangoima pakati pa msewu, timagetsi ta pa joyisitiki tikuphethira. Mtima unangoti myuu, ndati mota yapsa. Ndipo njingayi kulemera kwake ngati matumba awiri a chimanga, sipindika, kondakitala wa minibasi akangoiona amayang'ana kumbali. Kupita nayo ku Blantyre ndi kuhaya pikapu. Anthu anandikankhira kwa mnyamata wina wokonza njinga zamoto za kabaza. Anagwada, kusuzumira, kenako n'kuseka. "Akulu, ana aseweretsa ichi." Kumbuyo kwa mota kuli kachitsulo komwe umakankha kuti njinga izitheka kukankhidwa ndi manja, ndipo kakasuntha, njinga imakana kuyenda dala. Anakabwezera ndi chala chimodzi. Kuyambira pomwepo mnyamatayo ndiye dokotala wa njinga yanga. Anadziphunzitsa yekha pa YouTube, bandulo ndikumugulira ine. Palibe anamuphunzitsa, palibe anamupatsa kabuku.

Ndiye amene anandifunsa aja ndawauza kuti agule zitatu, osati zisanu. Ndalama yotsalayo ikhale ya mabatire a zaka zikubwerazi komanso yophunzitsira amakanika awiri, wina pa boma, wina ku Limbuli kapena ku Luchenza. A MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, omwe analowa m'malo mwa MACOHA potsatira lamulo la 2024, atakhala ndi mndandanda wa amisiri otere m'boma lililonse zingatithandize kwambiri. Ndawauzanso kuti apite kaye kunyumba kwa munthuyo. Kuli magetsi? Khomo ndi lalikulu bwanji? Kanjira kopita kumsewu n'kotani? Wokhala kumudzi kopanda magetsi mwina njinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja, ngati zimene amapanga a MAP, bungwe lothandiza anthu aulumali, ingamutumikire zaka zambiri, chifukwa wokonza njinga zakapalasa aliyense amaitha.

Ena munena kuti wopemphayo sasankha. Ine sindinapemphe miyendo yanga kuti isiye ntchito, ndipo kunena zimene zikuvuta si kusayamika.

Kufupi ndi ku Muloza kuli mayi wina amene analandira njinga ngati yangayi chaka chomwe ndinalandira ine. Mabatire atatha analibe kolowera. Nditamuyendera mwezi watha ndinamupeza ali pa mphasa, njinga ili pakona, ayanikapo matewera a mdzukulu.