Mukusekerera chiyani pa Mitre Square?

Dzulo usiku ndikuchokera ku ntchito ndinadutsa pa Mitre Square, kuno ku London. Ndinapeza gulu la alendo litazungulira bambo wina wovala chipewa chachitali, akuwasimbira za Jack the Ripper, chigawenga chimene chinkapha amayi kuno mu 1888, ngati nthano ya kalulu ndi fisi. Mtsikana wina anagona chagada pansi, lilime kunja, mnzake n'kumamujambula pa foni. Onse phwete!

Abale inu, pamalo pomwepo mpamene Catherine Eddowes anaphedwa pa 30 September 1888. Anali mayi wa ana atatu. Munthu, osati chidole.

Zinandinyansa. Chigawengacho palibe amene anachigwira. Ngakhale dzina lakelo ndi lopeka, linachokera m'kalata yomwe inafika ku bungwe lofalitsa nkhani la Central News Agency, imene apolisi ena ankaikayikira kuti inalembedwa ndi mtolankhani. Koma lero dzinalo lili pa malaya, pa makapu, paliponse. Wakupha ndiye watchuka. Tawafunsani alendo aja kuti atchule amayi asanu amene anaphedwa, muona akukanda mutu.

Ndikutchulireni ine. Mary Ann Nichols anamukaniza malo ogona chifukwa analibe mapeni 4 olipirira bedi, ndipo m'bandakucha wa pa 31 August anapezeka ku Buck's Row atamucheka pakhosi. Mapeni 4 okha! Annie Chapman nayenso anasowa ya bedi, pa 8 September n'kupezeka kuseri kwa nyumba ku Hanbury Street. Elizabeth Stride anaphedwa usiku umodzi ndi Eddowes. Mary Jane Kelly, wazaka pafupifupi 25, anamuphera m'kachipinda kake ku Miller's Court pa 9 November. Umphawi wa ku Whitechapel, dera la London kumene amayiwa ankakhala, ndi umene unawapereka, basi. Ndiye wina azidyera imfa zawo, wina azisewera pamene mnzake anakhetsera magazi? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, mtsikana iwe wa lilime kunja.

Enanso ondikwiyitsa ndi awa ongodzuka n'kulengeza kuti amupeza wakuphayo. Lero akuti ndi Aaron Kosminski, wometa tsitsi, ati DNA ya pa shawelo imene amati inali ya Eddowes yatsimikiza. Mawa ndi Montague Druitt, mkuja ndi Prince Albert Victor, mdzukulu wa Mfumukazi Victoria. Ena mwa anthuwa mukungowanamizira poti ali m'manda sangakuyankheni. Mlandu unakanika apolisi amene anaona mitemboyo ndi maso awo, inu muuthe muli pa sofa ndi foni m'manja? Tatileka!