Ku Ndata kutayambika kafukufuku wa zitsamba zathu

LA amene timamwa malungo akatigwetsa anayamba ngati chitsamba, abale anga. Mu 1967 dziko la China linakhazikitsa Project 523 kuti lipeze mankhwala a malungo, chifukwa chloroquine anali atayamba kulephera. Mayi wina dzina lake Tu Youyou, wa ku bungwe lofufuza za mankhwala achikuda ku Beijing, iye ndi anzake anasanthula maphikidwe a mankhwala oposa 2,000 a m'mabuku akale. Chitsamba cha qinghao chinkaoneka ngati chothandiza lero, mawa osagwira ntchito. Kenako anazindikira kuti kuwiritsa n'kumene kumapha mphamvu yake. Mu 1971 anasiya kuwiritsa, n'kuyamba kutulutsa mphamvuyo ndi mankhwala osungunulira otchedwa ether pamoto wochepa, ndipo mu 1972 anapeza artemisinin, mphamvu yochiza malungo ya m'chitsambacho. Artemether wa mu LA, amene Malawi anayamba kupereka mu 2007, amachokera pamenepo. Mphoto ya Nobel mayiyu anailandira mu 2015, atakalamba kale.

Ntchito ya malo ofufuzira mankhwala a zitsamba, amene ndikulakalaka titakhala nawo kuno kwathu, ndi imeneyo. Amapatula chimene chikuchiza m'tsambamo, amayeza mlingo, amayesa pa nyama kenako pa anthu, n'kuona ngati chikuwononga chiwindi kapena impso. Zimadya zaka komanso ndalama zambiri, sindikana.

Koma ifenso tinali nacho chathu. Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankapaka poizoni wa chomera chotchedwa kombe kumivi yosakira nyama. John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone paulendo umene unayamba mu 1858, anatsuka mano ndi mswachi wokhudzana ndi kombe ndipo anamva mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Mbewu za kombe zinapita ku Edinburgh, ku Scotland, kwa katswiri wa mankhwala Thomas Fraser, ndipo pofika mu 1885 kombe anali atasanduka mankhwala a mtima. Kampani ya Burroughs Wellcome inagulitsa mankhwalawo. Nzeru inali ya kuno, labotale inali ya kunja, phindu linatsata labotale.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kafukufuku sachilendo kuno kwathu. Ku Mimosa, ku Mulanje, kuli bungwe lofufuza za tiyi la Tea Research Foundation kuyambira 1966, ndipo mitundu ya tiyi ngati PC 108 inatuluka pomwepo. Ku Bvumbwe amafufuza za mbewu. Ku Ndata, ku Thyolo, kuli yunivesite ya sayansi ya MUST, imene inatsegula zitseko mu 2014, ana athu akuphunzira sayansi kumeneko. Tiyi wopita kunja tamufufuza mpaka kumizu. Nanga mizu imene agogo amakumba m'mphepete mwa phiri la Mulanje?

Pitani pamsika wa Limbuli kapena Luchenza muone mabotolo a madzi ofiirira, botolo limodzi akuti likuchiza shuga, BP ndi kusabereka. Mwina muli mankhwala enieni, mwina muli poizoni, wogulitsayo naye sadziwa mlingo. Kumunyoza sing'anga n'kosavuta, kumuyeza mankhwala ake ndiye kumafuna zipangizo.

Ine maganizo anga ndi awa: boma liike ndalama pa labotale imodzi yokhazikika ku Ndata, igwire ntchito limodzi ndi a PMRA, bungwe loyang'anira za mankhwala m'dziko muno. Ayambe ndi zitsamba zochepa zimene anthu akumwa kale tsiku ndi tsiku, atiuze zoopsa ndi zothandiza. Ndipo sing'anga wobweretsa muzu wake alembedwe dzina pamgwirizano, kuti mankhwala akadzatuluka nayenso adzalandirepo gawo lake.