Mphunzitsi akamira musamati ndi ulesi

Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndinagwira choko mpaka imvi zinadzaza mutu, ndiye mundilole ndikutsineni lero, inu makolo, inu ahedi, ndi inunso aphunzitsi anzanga.

Pa 11 March 2020 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti Covid-19 wasanduka mliri wa dziko lonse. Pofika mu April, ana a sukulu oposa 1.5 biliyoni anali atakhala pakhomo, ndipo nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ya UNESCO inati aphunzitsi pafupifupi 63 miliyoni a pulayimale ndi sekondale anakhudzidwa. Koma mawu amene anthu ambiri ankatafuna nthawi imeneyo anali akuti, "Aphunzitsi ali pa holide, akudya malipiro aulere." Mpaka lero ena mukuwabwerezabe mopanda manyazi. Lekani.

Simudziwa chimene munthu amataya mukamulanda kalasi. Uphunzitsi umakhala m'maso mwa mwana: ukafotokoza, nkhope ikachita tsinya, umadziwa kuti sanamve, umabwereza mwanjira ina mpaka maso aja awale. Chimenecho ndicho chimadzutsa mphunzitsi m'mawa, osati malipiro okha. Mliri unachotsa maso amenewo. Ndinaona mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa ntchitoyi atakhala usiku ndi foni yosweka galasi, akukulitsa ndi zala chithunzi cha kope la mwana kuti awerenge zilembo zosaoneka bwino, bandulo atagula ndi ndalama yake. Ana ochepa okha ndi amene ankayankha. Enawo sankadziwa ngati ali moyo, ngati akwatiwa, ngati adzabwerera. Anandifunsa misozi ili m'maso kuti, "Bambo, kodi ine ndikadali mphunzitsi?"

Sukulu zitatsegulidwa katundu anangowonjezeka. Taganizani kuphunzitsa mwana wamng'ono kutchula mawu pakamwa mutatseka ndi masiki, iye osaona milomo yanu, inu mukukuwa mpaka mawu kusasa. Munthu yemweyo ayang'anire kusamba m'manja, atalikitse ana okonda kukumbatirana, athamangitse silabasi yotsalira, atonthoze mwana amene waika mayi ake, pamene naye waika m'bale wake sabata yathayo. Ndiye mayeso akavuta, chala chonse kuloza iye.

Inu makolo, uthenga wa pa WhatsApp 11 koloko usiku wofunsa za homuweki ndi wa chiyani? Chizolowezi chimenechi chinabwera ndi mliri, mliri unapita, inu simunachisiye. Ndipo mukamanyoza mphunzitsi pagulu la makolo, mwana wanu akuwerenga nawo, mawa mphunzitsiyo aima bwanji kutsogolo kwa kalasi?

Inu ahedi ndi oyendera sukulu, mphunzitsi amene kale ankafika woyamba akayamba kuchedwa, makope osachonga, kukhala phee pakona ya stafu, musathamangire kalata yachenjezo. Muitaneni, tsekani chitseko, mufunseni kuti akugona bwanji. Kutopa kotheratu chifukwa cha ntchito si nthano. WHO inakulemba m'buku lake la mndandanda wa matenda ndi mavuto a umoyo la ICD-11 mu 2019, ndipo zizindikiro zake ndi zitatu: mphamvu kutheratu, mtima kuchoka pantchito imene unkaikonda, ndi kudziona kuti palibe chimene ukukwanitsa. Bungwe lomweli linanena mu 2022 kuti m'chaka choyamba cha mliri, matenda a nkhawa ndi kuvutika maganizo anakwera ndi 25 peresenti padziko lonse. Mukuganiza kuti aphunzitsi anawalambalala?

Tsono inu aphunzitsi, apa ndipo mtima wanga ukuwawa kwambiri. Mnzanu akalira mu stafu mumatsinana n'kumanong'ona kuti wayamba misala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ena mumameza ululu wanu ndi mowa, ena mumaupungulira pa ana: kukalipa kosatha, kutukwana, kukweza dzanja pa mwana amene wangoiwala pensulo. Mwanayo sanabweretse mliri. Abambo, zoti mwamuna salira zaika m'manda anthu abwino amene akanachira akanangoyankhula. Ngati papita masabata awiri tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, mtima ukugunda mukangoona geti la sukulu, pitani kuchipatala kapena kwa mlangizi, monga mmene mungapitire ndi chifuwa chosatha. Zimenezi zimathandizika, ndipo sizichotsa ulemu wa ntchito yanu.

Mukamva mnzanu akunena kuti bola kufa, kapena kuti ana adzakhala bwino iye kulibe, musaseke, musamuuze kuti angolimba mtima basi. Khalani naye pansi, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha, musamusiye yekha, dziwitsani a kwawo, ndipo mumuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo. Kalasi yake ina igwireni inuyo mpaka abwerere.