Konsati yaulere ndi yabwino, koma ulere wokha subweretsa ana

Pali okonza makonsati amene amaganiza kuti akangolemba kuti "kulowa ndi ulere, bwerani ndi ana", ntchito yatha, makolo akhamukira okha. Ine ndikuti ayi. Ndalama ya pakhomo imabweza anthu, inde, koma chimene chimabweza ambiri ndi mantha. Mayi wa mwana wa zaka zinayi amadzifunsa: akayamba kulira nditani? Akafuna kupita kuchimbudzi nyimbo ili pakati, anthu andiyang'ana bwanji? Nanga m'manja timawomba nthawi iti? Funso lomalizali mukhoza kuliseka, koma munthu amene sanalowepo m'konsati yotere amaopa kuchita manyazi pagulu, ndiye amangoti bola kukhala kunyumba.

Ndikukamba za nyimbo zakale za ku Ulaya zoimbidwa ndi kagulu ka anthu ochepa, zija amati chamber music. Kwa amene simunaonepo: oimba amakhala atatu, anayi, asanu, mwina kufika asanu ndi atatu, aliyense ndi chida chake komanso gawo lakelake. Palibe wotsogolera woima patsogolo ndi kamtengo m'manja. Kagulu kotchuka kwambiri ndi ka anthu anayi: mavayolini awiri, viyola yomwe ndi yokulirapo pang'ono ndipo mawu ake ndi otsika, ndi chelo chija amaimba atakhala pampando, chitatsamira pachifuwa. Zonsezi ndi zida za zingwe zoimbidwa ndi uta.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti nyimbo zimenezi sizinabadwire m'maholo akuluakulu a mipando yofewa. Zinkaimbidwa m'zipinda, pakati pa anthu odziwana. Joseph Haydn, wolemba nyimbo amene anagwira ntchito kubanja lolemera la Esterházy kwa zaka pafupifupi 30 kuyambira 1761, analemba nyimbo za anthu anayi zoposa 60, ndipo anthu ankazigula n'kumaziimba okha m'nyumba zawo. Franz Schubert, m'zaka za m'ma 1820 ku Vienna, nyimbo zake zambiri zinkamveka koyamba m'nyumba za anzake, anthu akucheza, ena akuvina pambuyo pake. Lamulo loti aliyense akhale chete ngati mwala, asatsokomole, asawombe m'manja mpaka zigawo zonse za nyimbo zitatha, linabwera mochedwa. Mu 1778 wolemba nyimbo wina, Mozart, ali ku Paris analembera bambo ake kalata akusangalala kuti anthu anawomba m'manja nyimbo yake ya gulu lalikulu ili mkati. Anali atadziwiratu malo amene adzawombe, ndipo anawakonza dala. Lero mwana akachita zomwezo, mizere itatu ya anthu imatembenuka ndi maso ofiira.

Haydn yemweyo mu 1781 analemba nyimbo ya anthu anayi imene mathero ake ndi nthabwala yeniyeni. Oimba amaima, iwe n'kumati yatha. Amayambanso. Amaimanso, nthawi ino motalikirapo, kenako n'kuimba kachidutswa kamodzi monong'ona, basi yathera pomwepo. Cholinga chake ndi choti omvera asokonezeke, wina awombe m'manja molakwitsa, onse aseke. Munthu analemba nthabwala, ife tikuimvera ndi nkhope za pamaliro. Mwana wa zaka zisanu amene waphulika ndi kuseka pamenepo waimvetsa nyimboyo kuposa wamkulu amene wamutsina kuti akhale chete.

Ine ndimaona kuti mwa nyimbo zonse zakalezi, za kagulu kochepa ndi zimene zimayenera ana kwambiri, chifukwa mwana amamva ndi maso. Gulu la oimba 80 ali kutali pa nsanja ndi phokoso lokoma chabe, sungadziwe kuti mawu awa akuchokera kwa ndani. Koma anthu anayi ali pafupi, zonse zili poyera. Mwana amaona woimba vayolini yoyamba akukoka mpweya n'kukweza mapewa, ndipo onse anayi amayambira limodzi popanda wowapatsa chizindikiro ndi kamtengo. Amaona akuyang'anizana, wina akumwetulira mnzake. Amamva kanyimbo kakuchoka pa vayolini kupita pa viyola, kenako kukagwera pansi pa chelo. Amaona ubweya wa pa uta ukuduka n'kumalendewera. Palibe zokuzira mawu, palibe magetsi, ndi thabwa, zingwe ndi manja a munthu basi. Goethe, mlakatuli wa ku Germany, analemba mu 1829 kuti kumvera oimba anayi otere kuli ngati kumva anthu anayi anzeru akukambirana. Mwana amadziwa kale kutsatira anthu akamakambirana, amadziwa wina akamayankha ndi wina akamadula mnzake mawu. Safunika maphunziro, afunika kukhala pafupi.

Choncho mukakonza konsati ya mabanja n'kuika ana kumbuyo kwenikweni kuti asasokoneze, mwataya chinthu chokhacho chimene munabwerera. Yalani chokhalira pansi kutsogolo, pafupi ndi mapazi a oimba. Chitani masana, isapitirire mphindi 45, ndipo chitseko chikhale chotsegula kuti kholo la khanda lolira lituluke n'kubwereranso popanda womuyang'ana moipa. Woimba mmodzi alankhule mawu awiri atatu nyimbo isanayambe, anene choti ana amvetsere, osati mbiri yonse ya wolemba ndi masiku ake obadwa. Ndipo anene poyera kuti wofuna kuwomba m'manja awombe.

Koma pali kulakwitsa kwina kumene kumandinyansa kuposa kuika ana kumbuyo, ndiko kusukulutsa nyimbo. Ena akamva zoti kubwera ana amathamangira tinyimbo ta m'makatuni, kuvala zipewa zoseketsa, kudumphadumpha ngati ana sangapirire chinthu chenicheni. Kumeneku ndi kuwaderera. Inde, nyimbo ija ya Camille Saint-Saëns ya 1886 yonena za nyama, momwe chelo chimakhala tsekwe wosambira ndipo chida chachikulu kwambiri cha zingwe chimakhala njovu, ndi poyambira pabwino. Koma sizingakhale njovu mwezi ndi mwezi. Apatseni chigawo chimodzi cha nyimbo ya Beethoven, chothamanga, chaukali, kenako chimodzi chodekha chachisoni. Ana amadziwa mkwiyo, amadziwa chisoni. Chimene sangathe ndi kukhala maola awiri osasuntha, ndipo kunena zoona akuluakulu ambiri sangathenso, amangodziwa kubisa.

Kwa inu amene mumakonda bata lenileni pomvera, sindikukutsutsani. Pali nyimbo zimene kachidutswa kake kotsika kamafuna kuti ngakhale mpando usalire, ndipo makonsati ausiku alipo chifukwa cha inu. Ingosiyani ola limodzi ili likhale la ana. Nanunso makolo anzanga, ufulu umenewu si woti mwana azithamanga pakati pa oimba inu muli pa foni. Mwana amayang'ana inu. Mukamamvetsera, nayenso amayesa.

Tsopano za ndalama. Konsati yaulere pali amene wailipira, ndipo kawirikawiri amene amailipira ndi woimba, pouzidwa kuti aimbe mwaulere poti ndi za ana ndiponso adziwika. Zimenezi ndimadana nazo. Munthu wathera zaka khumi kapena kuposa akuphunzira chida, wagula zingwe, wakumana ndi anzake kangapo kukonzekera mphindi 45 zimenezo. Alipidwe. Ku Washington, laibulale yaikulu ya boma la America yotchedwa Library of Congress yakhala ikuchititsa makonsati aulere kuyambira 1925, ndipo zatheka chifukwa mayi wina, Elizabeth Sprague Coolidge, anapereka ndalama zomangira holo komanso thumba lolipirira oimba ndi olemba nyimbo zatsopano. Zaka pafupifupi 100 zapita, zikupitirirabe. Ulere umene umakhalitsa ndi umene uli ndi thumba kumbuyo kwake, kaya ndi la boma la dera, la mpingo, la kampani kapena la anthu osonkherana.

Nanga amabwera ndani? Mukalengeza konsati yaulere m'malo omwewo amene mumalengezamo makonsati olipira, amabwera anthu omwewo amene akanatha kugula tikiti, n'kubwerera akusangalala kuti lero sanalipire. Banja limene munkalifuna silinamve n'komwe. Myra Hess, woimba piyano wa ku England, anadziwa zimenezi. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itayamba mu 1939, maholo atatsekedwa ku London, iye anayambitsa makonsati a masana ku National Gallery, nyumba yoonetseramo zojambula ya pakati pa mzinda, pa nthawi yopuma ya anthu ogwira ntchito, wolowa akulipira shilingi imodzi. Anapitirira mpaka 1946, makonsati 1,698. Anatengera nyimbo kumene anthu anali, pa ola limene anali omasuka. Kagulu ka anthu anayi kamangofuna mipando inayi ndi zoikapo mapepala zinayi. Kakhoza kulowa m'kalasi, m'laibulale, m'tchalitchi, m'holo iliyonse ya m'dera, ndiye palibe chifukwa chodikirira kuti mabanja akwere galimoto kukakufunani.

Ndipo isakhale ya kamodzi pachaka yongojambulitsa zithunzi za omwe anapereka ndalama. Ikani tsiku lodziwika mwezi uliwonse, malo omwewo, kuti makolo azolowere. Nyimbo zikatha oimba asathamangire kulongedza. Akhale kaye, ana afike pafupi, agwire zingwe za chelo zikunjenjemera, afunse mafunso awo aja. Ndipo pakhomo pakhale wina wodziwa kuyankha kholo limene lifunse kuti mwana wofuna kuphunzira angayambire kuti, komanso chida angabwereke kwa ndani.