Anyamata a malaya oyera aja si asataniki

Dzulo mu minibasi mayi ena ataona anyamata aja amayenda awiriawiri, malaya oyera, tayi, kabaji kakuda pachifuwa, anangoti "asataniki awo" basi anthu nkumavomera ngati akuwadziwa. Zinandiwawa kwambiri. Ine si wa mpingo wawo ndipo sindikuganiza zolowa, koma ndakhala nawo pakhonde kangapo, buku lawo ndinawerengako, ndiye ndati ndinenepo.

Anyamatawa ndi amene timawatchula a Mormon, dzina lawo lenileni ndi Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a m'Masiku Otsiriza. Zinayambira ku America, kufupi ndi tauni ya Palmyra m'chigawo cha New York. Mu 1820 Joseph Smith ali ndi zaka 14 anasokonezeka mutu chifukwa mipingo imalimbirana anthu, uyu akuti choonadi chili kwathu uyonso akuti kwathu, ndiye atawerenga Yakobo 1:5 anakalowa m'nkhalango kukapemphera ndipo iye amati anaona Mulungu Atate ndi Yesu omwe anamuuza kuti asalowe mpingo uliwonse. Mu 1823 akuti mngelo Moroni anamusonyeza timalata tagolide tolembedwa, tomangidwa ngati buku, tokwiriridwa paphiri la Cumorah. Anatitenga mu 1827 nkumasulira, mu 1830 Buku la Mormon linatuluka makope 5,000, mlimi wina Martin Harris mpaka anaika munda wake chikole kuti alipire osindikiza. Pa 6 April chaka chomwecho mpingo unayamba.

Timalata tija akuti mngelo anatitenganso, chomwe chinatsala ndi umboni wa anthu 11 omwe anati anationa. Apa mpomwe ine mtima umakana, zonse zatsamira pa mawu a anthu ochepa.

Koma kuvutika anavutika anthuwa, tisanamizane. Anasamukira ku Ohio, anathamangitsidwa ku Missouri komwe mu 1838 bwanamkubwa analamula kuti achotsedwe kapena aphedwe, kenako ku Illinois komwe pa 27 June 1844 gulu la anthu linathyola ndende ya Carthage nkuombera Joseph ndi mkulu wake Hyrum. Joseph anali ndi zaka 38 zokha. Brigham Young ndiye anatsogolera otsalawo ulendo wautali wa ngolo ndi miyendo mpaka anafika ku Salt Lake mu 1847.

Amakhulupirira kuti Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ndi atatu osiyana ndipo Atate ali ndi thupi, nchifukwa chake mipingo yambiri imawakana. Ali ndi mneneri wamoyo ndi atumwi 12, Baibulo amawerenga pamodzi ndi mabuku awo, mowa, fodya, tiyi ndi khofi sakhudza. Za mitala zomwe anthu amakonda kunena zinalikodi koma mpingo unalengeza zosiya mu 1890.

Chomwe chimandigwira mtima ine ndi nkhani ya akufa. Kuyambira ndili mwana funso limandisautsa, agogo a agogo athu omwe anamwalira amishoni asanafike ku Cape Maclear mu 1875, omwe dzina la Yesu sanalimvepo ngakhale kamodzi, analakwa chani? Ndafunsapo atsogoleri ambiri yankho limangokhala loti Mulungu akudziwa. A Mormon funsoli sanalithawe. Amagwira 1 Akorinto 15:29 ndipo munthu wamoyo amabatizidwa m'kachisi m'malo mwa kholo lake lomwe linamwalira, kenako womwalirayo kumene aliko ali ndi ufulu wovomera kapena kukana. Nchifukwa chake amasakasaka maina a makolo padziko lonse osatopa, ndipo amati banja lomangidwa m'kachisi silithera pamanda. Sindikunena kuti vesilo amalimasulira bwino, koma munthu amene anaikapo mayi ake m'manda akumva chifukwa chake ena amalowa mpingowu akulira.

Chomwe chimandiwawa ndi ichi. Kuyambira nthawi ya Brigham Young mpaka June 1978 munthu wakuda samaloledwa kukhala wansembe kapena kuchita miyambo ikuluikulu ya m'kachisi, chonsecho nthawi ya Joseph Smith munthu wakuda Elijah Abel anali atadzozedwa kale mu 1836. Ndiye kuti zaka zoposa 100 kachisi yemweyo wokumbukira makolo anali wotseka kwa ife ndi makolo athu. Mu 2013 mpingo unalemba kuti ukukana ziphunzitso zakale zija zoti khungu lakuda ndi temberero, chabwino, koma ngati mneneri amamva kwa Mulungu zinatheka bwanji aneneri onse aja osamva nthawi yonseyo?

Ndinawafunsa anyamata aja funso limeneli pakhonde panga. Mmodzi, wakuda ngati ine, anakhala chete kanthawi kenako anati nayenso linamuvuta asananyamuke kwawo ndipo amalipemphererabe. Sanakwiye, sanandinamize. Akabweranso mpando ndiwapatsa ndipo ndiwafunsanso lomwelo.