Anyamata inu, siyani kuzula choki pa kabuleta

Ndakhala chete nthawi yaitali, koma zimene ndaona sabata yathayi zandiyankhulitsa. Pagalaja panga panafika mnyamata atakweza pangolo njinga yamoto ya matayala anayi, ija ambiri amati kwadi, ya pafamu pamene amagwira ntchito. Dandaulo lake: ikumwa petulo ngati thanki yabooka, ikufuka utsi wakuda, mphamvu ilibe. Nditasuzumira pa kabuleta, chipangizo chosakaniza mpweya ndi petulo, ndinapeza pamene pamakhala choki pali kachitsotso ka mtengo kokulunga m'pepala la pulasitiki. Ndinamufunsa kuti choki yapita kuti. Iye, maso ali gwa, akuti, "Tinachotsa madala, imatsamwitsa injini." Anamuuza ndani? Mnzake. Mnzakeyo anaonera pafoni.

Ana inu, amene anapanga kabuleta ku makampani a Keihin ndi Mikuni sanaike kachitsulo kaja chifukwa chosowa chochita. Injini ya petulo imafuna mpweya ndi mafuta zosakanizika pamlingo wake, pafupifupi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Ndipo chimene chimayaka mkatimo si petulo wamadzimadzi ayi, ndi nthunzi yake. Injini ikagona usiku wonse n'kuzizira, petulo wina amamatirira m'makoma a paipi ngati mame pa udzu, wofika pa pulagi n'kukhala wochepa. Ntchito ya choki ndi kuwonjezera mafuta kwa mphindi zochepa mpaka chitsulo chifunde. Basi. Ikatha ntchito yake mumaibweza, imakhala phee.

Tsono pano ndi pamene umbuli wanu umandipweteka mutu. Choki zilipo za mitundu iwiri, ndipo ambiri mwa inu ozulanu simudziwa kuti mukuzula iti.

Mtundu woyamba ndi kachitseko kozungulira kamene kamakhala kukamwa kwa kabuleta. Mukakatseka mpweya umachepa, injini imayamwa mafuta ambiri. Mukakatsegula kamagona cham'mbali, mpweya n'kumadutsa. Aka ndi kamene mumati kakutchinga njira. Chabwino, mwakazula. Nanga mabowo awiri amene kamtengo kake kachitsulo kanadutsamo mwawatani? Mabowo amenewo ali pakati pa fyuluta ndi injini, kutanthauza kuti mpweya wolowera pamenepo sunasefedwe. Kwadi siyenda pa tala. Imayenda m'minda, m'fumbi la mu Okutobala, m'matope a mu Januwale. Fumbi limenelo likalowa limapala silinda ndi maring'i ngati mchenga wotsukira mapoto. Pakapita miyezi mumve injini ikudya oyilo, muziti akulodzani. Ndipo timasikuluu tiwiri tomanga kachitsekoko ndi tating'ono zedi. Kamodzi kakakupulumukani n'kugwera mkati, kakakumana ndi valavu kapena pistoni, nkhani yathera pomwepo.

Mtundu wachiwiri, umene uli pa makwadi ambiri a kabuleta a Honda, Yamaha ndi Suzuki, sutseka mpweya n'komwe. Ndi kapulanja kokokedwa ndi kebulo, kokhala ndi labala kunsonga, kamene kamatseka kanjira kapadera ka mafuta m'mbali mwa kabuleta. Mukakoka choki mwatsegula kanjirako, mukabweza mwakatseka. Mvetsani bwino apa: kapulanjako si chotchinga mpweya, ndi chitsekero. Sikakhala m'njira ya mpweya ngakhale pang'ono, ndiye mphamvu imene mukuti muipeza pokachotsa ichokera kuti? Mukakazula mwasiya kanjira ka mafuta kali pululu. Mukangotseka pamwamba ngati mmene anachitira mnyamata uja, osatseka pansi pamene labala amakhala, ndiye kuti mwaika choki yosazimitsika. Injini imayenda tsiku lonse ikumwa mafuta a m'mamawa. Pulagi imada bii ndi mwaye, petulo wosapsa amatsuka oyilo m'makoma a silinda n'kutsikira pansi kukasungunula oyilo yense. Nditatulutsa kandodo koyezera oyilo pa kwadi ija ndinamununkhiza mnyamatayo. Fungo lake petulo yekhayekha, oyilo ali tepetepe ngati tiyi.

Mukasiya bowolo losatseka ndiye mwaitana vuto lina. Mpweya wakuba umalowera pamenepo pamodzi ndi fumbi lake, injini imalira mokwera ndi motsika yokha, ndipo injini yolandira mpweya wochuluka kuposa mafuta imatentha mopitirira. Ine ndi manja angawa ndatulutsapo pistoni yobooka pamutu.

Ena mumati kwathu kuno n'kotentha, choki ndi ya kumaiko a chipale. Kanene zimenezo ku Dedza mu Juni, kapena ku Thyolo chiperoni chitagwa masiku atatu. Abale athu amene akuweta ng'ombe ndi nkhosa m'mafamu a ku Free State ku South Africa amadzuka udzu utayera ndi chisanu, ndipo kwadi ndiyo miyendo yawo. Popanda choki m'mawa ngati umenewo mumatani? Mumakanikiza sitata mpaka batire kufa. Buku la Honda limanena kuti sitata isapitirire masekondi 5, kenaka muipumitse masekondi 10, koma inu mumaigwira ngati mukupera chimanga. Sitata ikapsa mumayamba zija zimene zimandiimitsa tsitsi: kuchotsa fyuluta, kuthira petulo wa m'botolo kukamwa kwa kabuleta, wina n'kutsekapo ndi chikhatho mnzake akuliza. Injini ikatsokomola chobwerera, lawi limatulukira pomwepo, padzanja lonyowa ndi petulo, botolo lili pambali, thanki ili pamwamba. Mwachotsa choki ya chitsulo n'kuikapo dzanja lanu la nyama!

Palinso ichi. Injini yozizira yosowa mafuta imakonda kuzima pamene mwaipatsa moto mwadzidzidzi. Pamalo osalala n'zongonyansa chabe. Pachitunda, muli ndi matumba a feteleza kumbuyo, kwadi yolemera makilogalamu oposa 200 ikazima n'kuyamba kubwerera chambuyo, siikhala njinga yoti muitaya n'kudumpha. Ikagudubuzika imagonera mwini wake.

Inu a kabaza musaseke ngati izi ndi za anzanu a m'mafamu okha. Kabuleta ya panjinga yanuyo ndi m'bale wake wa iyi, ndipo ndakuonani mukumanga choki ndi waya kapena kuithyola dala.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri choki imafera mlandu wa ena. Kwadi ikamavuta, kawirikawiri kebulo ya choki yachita dzimbiri ndiye kapulanja sikakubwerera mpaka pansi, kapena labala wakunsonga uja wauma ndi ukalamba. Mwina jeti yaing'ono, kabowo kodutsa mafuta m'kabuleta, yatsekeka ndi zinyalala za petulo wogula m'zigubu m'mbali mwa msewu. Petulo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol kuyambira m'chaka cha 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Kwadi ikakhala miyezi osayenda mafuta ali m'kabuleta, pansi pa kambale kake pamadikha madzi ndi utomoni. Mwinanso mavalavu athina, akufuna kupimidwa. Zonsezi ndi ntchito ya theka la tsiku kwa makaniko wodziwa. Koma safunsa adadya phula: mumathamangira kuzula chimene maso anu aona msanga, matenda enieni n'kutsala momwemo.

Ngati kebulo yaduka ndipo simukuipeza, alipo mapulanja okhala ndi kachogwirira kake pa kabuleta pomwepo, okoka ndi chala, osafuna kebulo. Funsani amenewo kwa ogulitsa zipangizo, mutatenga wakaleyo m'manja kuti ayerekeze mazinga ake.

Mnyamata uja kapulanja anali atataya kale kudzala. Tinachita kuitanitsa kena, tinasintha pulagi, tinakhetsa oyilo kawiri. Nditapima mphamvu ya silinda ndinapeza yatsika, maring'i akufuna atsopano. Ndinamulembera mtengo wake papepala, iye anangoliyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandipempha kuti ndikawauze ndine abwana ake. Ndinakana.